Matenda a M'mawa

Ku Esquel, mwezi wa Julaye, kumacha mochedwa.
Ndimatuluka tochi ili kukamwa,
n'kupala chisanu pagalasi ndi chivundikiro cha chitini.
Renault ya malemu bambo ili duu pansi pa mtengo,
zaka makumi anayi ndi chimodzi,
chitseko chakumanzere chomangira lamba.

Ndipotokola kiyi.
Ikhosomola, ikhosomolanso, kenako zii.
Kachiwiri. Kachitatu.
Kuseri kwa phiri ana khumi ndi anayi akundidikira,
manja m'khwapa,
chifukwa mbaula ya m'kalasi siyaka ine ndisanafike.
Kachisanu ndi chiwiri m'pamene ilira.
Koma masana ikatenthedwa imadzuka ndi kiyi mmodzi,
nkhope gwa, ngati sinandizunzepo.

Ndinayamba ndafufuza ndekha.
Magetsi akuwala bwinobwino, ndiye batire alibe mlandu.
Sitata ikuzungulira mwamphamvu.
Mapulagi ndinazula, ndinanunkhiza:
ouma, opanda ndi kafungo komwe ka petulo.
Zonsezi ndinalemba kumapeto kwa kope la masamu.

Woyamba, wa galaja ya chikwangwani chowala pamsewu waukulu,
kopelo sanaliyang'ane n'komwe.
Anayang'ana nsapato zanga.
Batire watsopano, anatero. Ndinalipira.
M'mawa mwake, kukhosomola komwe kuja.
Wachiwiri anapukusa mutu asanatsekule boneti.
Injini yatha iyi, mayi, mungondigulitsa ndiphwasule.
Mtengo anali atautchula kale
phazi langa lina likadali m'galimoto.

Anandilozera kwa Nicanor Huenchul ndi woyendetsa ambulansi.
Alibe chikwangwani, anati,
mukaona galu wa miyendo itatu ndiye kuti mwafika.

Ndinamupeza akutsuka mabawuti m'beseni.
Anapukuta manja, n'kutenga kope lija,
kuwerenga mpaka pansi, milomo ikugwedera.
Ikagona masiku awiri zimanyanya?
Zimanyanya.
Mukaimika yoyang'ana kumtunda?
Pamenepo ndiye mpaka ndimalira.
Anaseka pang'ono.
Pano yatenthedwa, indinamiza.
Wodwala m'mawa sitimuyeza masana.
Igone konkuno. Mubwere sikisi koloko,
mudzapotokole nokha, ine ndidzangomvetsera.

Usiku umenewo sindinagone bwino.
Kusiyira munthu wachilendo makiyi a bambo ako
si chinthu chapafupi.

Kusanayere ndinamupeza ali chiimire, chipewa mpaka m'makutu,
galimoto asanaikhudze, chisanu chili mbuu padenga.
Ndinapotokola. Inakhosomola.
Anakweza dzanja, basi.
Anadonthezera petulo wokwana supuni imodzi m'kabuleta.
Yesaninso.
Inalira nthawi yomweyo, galu mpaka anadzidzimuka.

Si ukalamba uwu, anati, ndi njala.
Anatsatira paipi ndi zala, maso ali kumwamba
ngati munthu wofuna dzina lomwe lamuthawa,
mpaka pafupi ndi pampu.
Anapinda kamphira, n'kundiunikira:
mng'alu wonga tsitsi limodzi.
Usiku mpweya umalowera apa,
petulo n'kubwerera kuthanki,
m'mawa pampu imayamwa mphepo.

Anadula kapaipi kotalika ngati chala changa,
kumanga uku ndi uku,
kakale kaja n'kundiika m'manja.
Tengani, n'kanu, munakagula ndi bambo anu.
Batire wanu wakale uja analibe vuto,
pitani mukamutenge asanamugulitse kwa wina.
Kilatchi ifika chilimwe, wina asakuthamangitseni nayo.

Ndinafunsa mtengo mtima uli phaphapha.
Anatchula ndalama yosakwana ndi buledi asanu.
Nditawonjezera anabweza,
ati ndisamuwonongere mbiri.

Tsopano ndimafika ana asanafike,
mbaula amaipeza itafiira kale.
Kamphira kaja kali patebulo panga, pambali pa choko.
Dzana Ayelén anakanyamula, kusuzumira mkati ndi diso limodzi,
n'kufunsa kuti n'chiyani.
Ndinati apinde aone.
Anapinda, anaona,
ndipo anakapatsira mnzake.